Lilime ndi Njere ya Suku

Dzulo ndikupita kukaonetsa majiki pa ukwati ku Silverest, mayi wina anakwera minibasi ndi beseni la masuku. Fungo la masukuwo linandibwezera kwathu ku Bundabunda, komwe ndinayambira ntchitoyi ndi njere ya suku yoterera malovu.

Ndinkaionetsa m'dzanja lamanja, kufumbata, kuuzira mpweya, kenako bwaa, palibe! Anzanga ankakuwa. Koma mlongo wanga wamkulu, ba Misozi, ankangoti akusenda chinangwa, "Ili kumanzere."

Nthawi zonse ankalasa, chonsecho manja anga sankawayang'ana n'komwe. Ndinatsimikiza kuti ali ndi mankhwala. Tsiku lina ndinafufuza m'chikwama chawo, ndinapezamo kabotolo konunkhira, n'kudzipaka m'zikope kuti nanenso ndizipenya zobisika. Anali mafuta otikitira mutu ukamawawa. Ndinalira mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo.

Akundisukuluza m'maso, ba Misozi anaseka mpaka kutsamwa.

"Iwe, nilibe mankhwala ine. Ukamabisa njere umatulutsa lilime, ndipo limaloza komwe yapita!"

Kuyambira pamenepo ndinkayeserera patsogolo pa galasi la njinga ya atate, koma lilime losamvalo linkatulukabe. Ndinaona kuti njira n'kulipatsa ntchito: kulankhula, nthabwala, kufunsa anthu maina.

Lero anthu amati chimene amandiitanira ndi pakamwa panga, manja amabwera pambuyo. Paukwati dzulo ba Misozi anakhala kutsogolo, maso ali pakamwa pangapo. Mphete ya mkwatibwi itasowa m'dzanja langa, mlongo wangayo anandinong'oneza kuti, "Yaenda kuti?"