Dimba limene Rukuru anatisiyira

Fungo la matope a mtsinje wa Rukuru madzi akangophwa silinandichoke m'mphuno. Limamveka ngati nsomba ndi udzu woola, ndipo ndikalimva ndimakumbukira chaka chimene bambo anamwalira.

Tinali anthu obwera. Bambo anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ya umesenjala ku Rumphi, ndipo tinkakhala m'nyumba ya boma. Atamwalira mu Febuluwale, anatipatsa miyezi itatu kuti titulukemo. Munda tinalibe. Mayi anamanga mapoto m'chitenje, akuti tibwerere kwawo, kumene ine ndi mng'ono wanga sitinkadziwako munthu ngakhale mmodzi.

Tauni yathu inali yaing'ono: maofesi, chipatala, msika ndi mphepo yotsika m'mapiri. Koma moyo wake unali kumtsinje. Chaka chilichonse Rukuru ankasefukira n'kufafaniza malire a madimba, ndipo madzi akabwerera, amayi ankatsikirako kukazika mabango atsopano, aliyense pamalo pake. Ankakangana koopsa, ngakhale pa kadothi kokwana phazi limodzi.

M'mawa wina mu Meyi, a Nyagondwe, amene ankagulitsa mpiru pamsika, anatiitanira kumtsinje. Matope ozizira ankatuluka pakati pa zala zanga zakumapazi. Pakati pa madimba panali kachigawo kopanda mwini, kakuda bii.

"Nyabanda, mtsinje wasiya dothi ili chaka chino," anauza mayi m'Chichewa chawo chopindika. "Tonse takwana. Mulimepo."

"Ine ndine mlendo, mama," anayankha mayi.

"Mlendo wanji woika mwamuna m'manda athu? Kapena khasu simulidziwa, akazi a pa Boma inu?"

Amayi onse anaseka. Mayi anagwada m'matopemo n'kunena mawu a Chitumbuka amene ankawadziwa bwino: "Yewo chomene," kutanthauza kuti zikomo kwambiri. Madzulo ake anamasula mapoto aja. Tinapeza kachipinda kuseri kwa msika, ndipo tomato wa m'dimbalo ndi amene anatilera.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti mtsinje unatimvera chisoni. Nditakula ndinakwatiwa konkuno n'kukhala ndi dimba langalanga. Mwamuna wanga ndinamuika m'manda chaka chatha, mvula ili mkati. Mu Meyi ndinatsikira kumtsinje mochedwa, ndipo ndinapeza dimba langa litakula. Ndinayang'ana mabango a anzanga. Lililonse linali litasunthidwa pang'ono, mabowo ake akale akuonekabe m'matope. Sindinafunse munthu. Ndinangowerama n'kuyamba kulima, ndikuganiza za a Nyagondwe. Rukuru sanasiyirepo munthu dothi.