Chisanu Chimene Teleksi ya Bambo Inasiya Kuyankha

Mpaka lero ndikamva fungo la oyilo wa makina osokera, mtima umathamangira ku fulati yathu ya ku Peckham, kuno kutsidya kwa nyanja, chisanu chimene bambo anabwera ndi teleksi kunyumba. Anaikweza masitepe ndi mnzawo wa kutchalitchi, onse awiri ali wefuwefu, n'kuikhazika pakati pa filiji ndi zenera, pomwe amayi ankayanika yunifomu yawo ya kuchipatala. Chinali chimakina chotuwa, chonunkha oyilo ndi fumbi lotentha.

Teleksi inali makina otumizira uthenga: ukalemba kuno, mawuwo ankatuluka papepala kutsidya kwa nyanja. Bambo anaiphunzira ku Blantyre akadali mnyamata, ndipo kuno ankagwira ntchito pakampani ina ya zombo chakufupi ndi Greenwich. Chaka chimenecho kampaniyo inagula fakisi ndi makompyuta. Makina akale ankawataya, bambo n'kupemphako amodzi. Iwonso anauzidwa kuti asabwerenso.

Amayi sanabise mawu. Ankati zatha basi, angotola ntchito iliyonse, olo yotsuka mabasi. Koma bambo anga aja, kuuma mutu! Ankati zombo sizingayende popanda teleksi, za fakisizi n'zachibwana, posachedwa akampani adzawafunanso, choncho zala zisaiwale. M'mawa uliwonse ankamanga tayi n'kukhala pamakinapo, chikhalirecho waya wake wa mauthenga sankapita kulikonse. Khitchini yonse inkangoti gwedegwede, masupuni akulira m'dirowa. Pambali pa makinawo pankatuluka tepi ya pepala yobowolabowola, ndipo tizinyenyeswa take tozungulira ndinkatitolera m'chitini cha majarini. Ndinkatiwaza pamutu pa mng'ono wanga n'kumati ndi sinowo, chipale chofewa chija, poti chisanu chimenecho kunkangogwa kamvula kotopetsa.

Akamaliza kulemba, ankadina batani limodzi n'kudikira, manja ali pamaondo. Anandiuza kuti batanilo limafunsa makina a mbali inayo kuti ndiwe yani, makinawo n'kutchula okha dzina lawo. Kuntchito ankayankhidwa ndi Mombasa, Beira ndi Durban. Kumeneko anali ndi anzawo amene ankapatsana nawo moni poliza kabelu ka m'makinamo, anthu oti sanaonanepo nkhope. M'khitchini mwathu inkangomveka filiji.

Chisanu chili pafupi kutha, anawaitana ku ofesi ina ku Lewisham komwe ankafuna munthu wolemba pakompyuta. Sukulu inali yotseka, ndiye ananditenga. Pabasi zala zawo zinkangovina pabondo. Ndinawaonera pagalasi la chitseko, msana uli njo, zala zikuthamanga moti anthu a muofesimo anacheuka. Ndinanyadira zedi. Sindinadziwe kuti akucheukira phokoso, poti bambo ankamenya timabatani tapulasitiki ngati mabatani olimba a teleksi aja. Zonse analemba m'zilembo zikuluzikulu, mawu ake oduladula, chifukwa teleksi ilibe zilembo zing'onozing'ono, ndipo inawazoloweza kusachedwa pa waya. Mtsikana wowayesa anayang'ana pepalalo n'kuwathokoza mwaulemu kwambiri, ulemu wa kuno uja woti pitani bwino.

"Akutengani, eti?" ndinawafunsa pabasi, m'Chichewa changa chothyokathyoka.

"Adzaimba foni," anatero bambo, maso ali pazenera.

Foni sinalire. Tsiku lina m'mawa anakhala pamakinapo osalemba kanthu, n'kungodina batani lija. Ndinawamvera chisoni, ndiye ndinati ndikhale Mombasa, mwina angaseke. Ndinabisala kuseri kwa filiji n'kugogoda supuni patambula, ngii, ngii. Bambo anadzidzimuka, anaweramira pepala msangamsanga, magalasi mpaka kutsetsereka pamphuno. Pepala linali loyera. Atatembenuka anandiona, supuni ili m'manja. Sanaseke, sanandikalipirenso. Anangowerama n'kuzula pulagi pakhoma.

Makinawo anatsika masitepe mlungu womwewo, ndipo amayi anabwezeretsa chingwe chawo choyanikira. Bambo anapeza ntchito yotsegula geti pamalo oimika magalimoto, ndipo anakhala m'kanyumba ka pagetipo mpaka miyendo itawakana. Tayi sanamangenso, kupatula Lamlungu.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti anakhumudwa chifukwa belu langa silinafanane ndi lenileni. Pano ndapitirira msinkhu umene anali nawo, ndipo ndikudziwa kuti linafanana kwambiri. Kwa kamphindi kaja, bambo anakhulupirira kuti alipo amene akuwafunabe.