Kugogoda kwa m'Paipi ku Thamesmead

Anthu okwera basi yochokera ku Thamesmead kupita ku Peckham amamudziwa Killian Njobvu ngati dalaivala wa imvi wosakonda zolankhulalankhula, koma amene sasiya munthu akamuona akuthamangira basi. Kukazizira kwambiri amatha kudikira mpaka okwera ena kuyamba kung'ung'udza. Ndi anthu ochepa okha a kutchalitchi kwawo amene amadziwa kuti bambo ameneyu ali ndi digiri ya za migodi, ndiponso kuti akamawerenga manambala mumtima amawerenga m'Chirasha.

Anabadwira ku Katete, mwana wa kalipentala wa pamishoni. Masamu ankamuyendera bwino, ndipo atamaliza sekondale anasankhidwa kukaphunzira ku Moscow. Munali mu 1989. Mayi ake anamugulira majuzi awiri pa salaula, msika wa zovala zakale, ku Chipata, poganiza kuti akwana.

Moscow inamulandira ndi nkhope ziwiri. Pansi pa nthaka panali masiteshoni a sitima okongola kuposa tchalitchi chilichonse chimene anachionapo, makoma a mwala wonyezimira, nyali zolendewera ngati za kunyumba ya mfumu. Koma munthu akakwera sitimayo mpaka kumapeto, n'kutuluka, n'kukweranso basi, ankafika kumene anthu wamba ankakhala. Kumeneko kunalibe chokongola. Kunali midadada ya nyumba za simenti, zazitali kufika m'mitambo, zonse zofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi: zitseko zofanana, mazenera ofanana, benchi yofanana pakhomo, ndipo pabenchipo agogo ovala mipango amene ankatsatira ndi maso munthu wakuda aliyense kufikira atalowa.

Zaka zoyamba anakhala kuhositelo ya ophunzira, anthu asanu m'chipinda chimodzi, khitchini imodzi fulo yonse, mphemvu zosaopa munthu. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Maurice Chisenga wa ku Lundazi, mnyamata wamfupi, woseka ndi thupi lonse, amene anaphunzira Chirasha cha m'misika asanaphunzire cha m'kalasi. Boma la dzikolo litagwa, moyo wa kuhositelo unaipa, ndipo anali Maurice amene anawapezera malo ku Chertanovo, dera la kumwera kwa mzindawo. Aliyense anapeza chipinda m'fulati ya mayi wamasiye. Cha Killian chinali m'munsi, cha Maurice pamwamba pake penipeni.

M'nyumba zimenezo paipi ya madzi otentha imachokera pansi n'kudutsa chipinda ndi chipinda mpaka kudenga, ndipo munthu akaigogoda ndi supuni, wa pamwamba ndi wa m'munsi amamva. Eni dziko ankagogoda pofuna kuuza woyandikana naye kuti achepetse phokoso. Maurice anaisandutsa foni. Tiyi akapsa ankagogoda, Killian n'kukwera. Ankakhala wina pampando wina pabedi, akudya buledi wakuda ndi soseji imene Maurice ankaisunga m'jumbo yolendewera kunja kwa zenera, popeza kunjako ndiko kunali firiji. Ankakambirana za mbewa za ku Lundazi, za atsikana, za nyumba zimene adzamange akabwerera kwawo. Maurice ankati yake idzakhala yapansi, ndipo adzaipenta mtundu umene palibe wina aliyense ali nawo.

Tsiku lina m'Januwale, masana, Maurice anatsika n'kusuzumira pakhomo pa Killian.

“Nipita kugula buledi, mwana. Nikabwera nizagogoda.”

Kunja kunali kukugwa chipale chofewa, chija choyera ngati ufa, ndipo mphepo inkachiulutsa moti mdadada woyang'anana nawo sunkaoneka. Sitolo inali pafupi, kuseri kwa sukulu. Maurice sanabwere.

Killian anamufunafuna kuhositelo, kumsika kumene ankagulitsa makaseti, m'zipatala, ndi kozungulira konse. Kupolisi analemba dzina n'kumuuza kuti adikire. Anadikira. Ndipo m'miyezi yonseyo paipi inkagogoda. Mapaipi akale amatero madzi otentha akamadutsa, zimenezo iye ankazidziwa, anali wophunzira za uinjiniya. Komabe ikangolira ankadzidzimuka n'kuthamangira pamwamba, ndipo mayi wamasiye uja ankatsegula chitseko, kumuyang'ana, n'kupukusa mutu. Pambuyo pake anasiya kutsegula.

Maurice anapezeka mu Epulo, chipale chitayamba kusungunuka. Anali kuseri kwa magalaji, pafupi ndi khomo la mdadada wina wofanana ndendende ndi wawo, mizere iwiri kuchokera pamene ankakhala. Jumbo ya buledi inali pambali pake. Kaya anasochera m'mphepo ija n'kuyesa kuti wafika kwawo, kaya anaterereka, kaya anakumana ndi anyamata ometa mpala amene masiku amenewo ankasaka alendo, palibe anatha kunena. Kutumiza mtembo ku Zambia kunali kosatheka. Ophunzira anzake anamuika kumanda a kunja kwa mzinda, dothi likadali lolimba ngati mwala.

Killian anamaliza maphunziro, nabwerera kwawo pa nthawi imene migodi inkachotsa anthu m'malo molemba. Anaphunzitsako masamu ku Lusaka, nakwatira Winfrida, namwino wa ku Chadiza. Winfrida atapeza ntchito ku London, Killian anamutsatira ndi mwana wawo Mwiza. Digiri ya zilembo za Chirasha inalowa m'sutikesi, mwini wake n'kuphunzira kuyendetsa basi. Anakhala zaka zambiri ku Peckham, pamwamba pa sitolo ya nsomba zouma, ndipo kumeneko Moscow inamuleka. Phokoso la msewu, fungo la nsomba za makayabu ndi nyimbo za matchalitchi sizinkasiya malo oti munthu akumbukire.

Kenaka mwini nyumba anagulitsa, Mwiza anakwatiwa, ndipo awiriwo anasamukira ku Thamesmead. Tsiku limene anatsika basi kukaona fulatiyo, Killian anaima chilili pamsewu. Midadada ya simenti yotuwa inali ndandanda m'mphepete mwa dziwe, yofanana yokhayokha, mphepo yochokera kumtsinje ikuwomba pakati pake.

“Nanga mwaimirira chani, atate ake Mwiza?” anafunsa Winfrida.

“Palibe. Tiyeni.”

Killian anali atamuuzapo Winfrida za Maurice kamodzi kokha, asanakwatirane, m'mawu ochepa. Za paipi sanamuuzepo.

Chilimwe chinatha bwino. Koma mu Okutobala, atangoyatsa mahitala a mdadada wonse, kugogoda kunayamba. Linali Loweruka masana, Killian akuonera mpira. Paipi ya pakona inalira, go go go, n'kusiya, n'kuyambiranso. Kapu imene anagwira inatayikira pa kapeti.

“Ni mphepo chabe mu mapaipi,” anatero Winfrida akupukuta. “Nizatumira foni a khonsolo pa Mande.”

Munthu wa mapaipi anabwera, nazungulira ndi sipanala yake, nanena kuti zonse zili bwino. Kugogoda sikunaleke. Kunkabwera nthawi ya tiyi, dzuwa likamapendeka. Killian anayamba kupempha mashifiti a madzulo kuti asamakhale panyumba. Pobwera kuntchito ankayima pakhomo la mdadada n'kuwerenga nambala yake kawirikawiri asanalowe, ngati munthu wosakhulupirira kuti ndi pomwepo. Tsiku lina ali pa chiwongolero anaona munthu wamfupi wovala chipewa cha ubweya akuyenda pakati pa magalaji, atanyamula jumbo. Anaimitsa basi pamalo posayenera, magalimoto a m'mbuyo n'kuyamba kuliza mahutala. Munthuyo atatembenuka anali mzungu wandevu.

Lachitatu lina mu Disembala Killian anali pa ofu, Winfrida ali kuchipatala. Paipi inayamba kulira m'mawa, ndipo ulendo uno sinaleke. Inkalira mofooka, kupuma, kuliranso. Killian anakweza wailesi. Anapita kukhitchini. Anavala jekete kuti atuluke, nafika mpaka pa lifiti. Ali pomwepo anapezeka kuti miyendo yamutengera kumasitepe, ndipo akukwera, monga ankakwerera kale.

Chitseko cha fulati ya pamwamba pawo chinali chobiriwira, chofanana ndi chawo. Sankadziwa amene ankakhalamo. Anagogoda. M'katimo munamveka mawu a mayi wokalamba, otsika kwambiri, ochokera pansi penipeni, ndipo mawuwo anali a Chirasha. Ankati, “Thandizeni.”

Killian anagwira khoma. Pakamwa pake panatseguka pokha, ndipo chilankhulo chimene sanachilankhule kwa zaka makumi atatu chinatuluka chonse, ngati madzi a pampopi wotsekedwa kalekale.

“Ndili pano, mayi. Musaope. Mwavulala pati?”

Kenaka mawu aja anafunsa, modabwa ndi mokalipa pang'ono, “Ndiwe yani iwe?”

“Woyandikana nanu wa m'munsi.”

Anaimbira ambulansi, ozimitsa moto nabwera kudzathyola chitseko. Mayiyo anali atagwa m'bandakucha pochokera kubafa, nathyoka fupa la m'chiuno. Foni inali kutali. Anadzikoka mpaka pa hitala, n'kumamenya paipi ndi ndodo yake yoyendera. Atamuika pa machira anamuyang'ana Killian kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osakhulupirira kuti mawu aja anachokera mwa munthu ameneyu.

Dzina lawo anali mayi Zoya. Anabadwira pakati penipeni pa Moscow, m'fulati imodzi ya mabanja asanu ndi limodzi, mmene banja lililonse linali ndi babu lakelake m'chimbudzi chimodzi. Atakwatiwa boma linawapatsa fulati yawoyawo kumidadada ya kumwera, ndipo iwo ankati tsiku limenelo analira ndi chimwemwe, chifukwa kwa nthawi yoyamba anatseka chitseko cha khitchini popanda womupempha. Amuna awo atamwalira, mwana wawo anawaitanira ku London, kenaka iye n'kupita kukagwira ntchito ku Aberdeen.

Killian ankapita kukawaona kuchipatala akaweruka, ndipo atatuluka ankakwera kukawapatsa supu imene Winfrida ankaphika. Ankakangana za madera a mzinda uja ngati anthu okangana za matimu a mpira. Mayi Zoya ankati Chertanovo kunali kwabwino, kunali nkhalango pafupi, anthu ankatola bowa. Killian ankati iye bowayo sanamuonepo. Mayiwo ankati tsopano pakati pa mzinda pakhala pa anthu olemera okhaokha, nyumba imene anabadwiramo ndi maofesi, ndipo midadada yatsopano ikumera kutali kwambiri, yotalika kuposa yakale.

Tsiku lina Killian anafunsa chimene chinkamuvuta.

“Mayi, musanagwe muja, kuyambira Okutobala, munkagogoderanji? Wailesi yathu inkakusokosani?”

Mayi Zoya anaika kapu pansi.

“Ine? Ayi. Ndinkamva ndithu, nthawi ya tiyi. Ndinkayesa ndinu a m'munsi.” Anayang'ana pakona pamene panali paipi. “Masiku ena ndinkayesa ndi amuna anga. Akakhala kwa anzawo a m'munsi n'kufuna kuti nditsike, ankagogoda chomwecho.”

Ndipo pamenepo Killian anawafotokozera za Maurice, zonse, mpaka za jumbo ya buledi. Mayiwo anamvetsera osamudula. Atamaliza sanamutonthoze. Anangofunsa kuti, “Nanga amasesa pamanda pake ndani?”

“Palibe. Ndani angapiteko?”

Mayi Zoya anapukusa mutu ngati amva chinthu chochititsa manyazi. Anali ndi mdzukulu wa mchemwali wawo ku Moscow, mayi wa ana awiri, ndipo anamuvutitsa pafoni nyengo yonse yozizira. Mu Meyi, dothi litauma, mdzukuluyo anakwera sitima ndi basi, nayendayenda m'manda muja theka la tsiku, mpaka anapeza.

Chithunzi cha mandawo chinafika pafoni ya mayi Zoya, ndipo anamuitana Killian pamodzi ndi Winfrida. Kachikwangwani kachitsulo kanalipobe, dzina litalembedwa m'zilembo za Chirasha, lolakwika pang'ono. Kumutu kunamera mtengo wa makungwa oyera, wautali kuposa nyumba. Kuzungulira mandawo kunali kampanda kachitsulo kamene ophunzira aja sanaike, ndipo kanali kopentedwa posachedwapa, udzu utazulidwa bwinobwino. Mdzukulu uja anati sindiye anachita zimenezo, anapeza zili choncho. Anafunsa ogwira ntchito pamandapo, koma palibe ankadziwa amene amabwera.

Killian anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anaganiza za mayi wamasiye uja amene anasiya kumutsegulira chitseko, koma ameneyo akanakhala atamwalira kalekale. Winfrida anamugwira paphewa.

Kudzera mwa m'busa wina wa ku Chipata, anapeza nambala ya mlongo wake wa Maurice, mayi Effie, amene akadali ku Lundazi. Anawatumizira chithunzicho Lamlungu atachoka kutchalitchi, ndipo pasanapite nthawi foni inalira. Poyamba kunkangomveka kulira ndi mawu a anthu ambiri akulandirana foni kuti aone. Kenaka mayi Effie anakhazika mtima pansi, nathokoza, nanena kuti amayi awo anamwalira akufunsabe ngati mwana wawo anaikidwa ngati munthu.

“Koma achimwene,” anatero pomaliza, “mtengo uwu uli kumutu kwake, ubala zipatso?”

Killian anati subala. Mayi Effie anati palibe kanthu, bola mthunzi ulipo, ndipo anamupempha kuti akadzabwera ku Zambia adzafike ku Lundazi, adzawauze bwinobwino mmene mlongo wawo ankakhalira kumeneko, chimene ankadya, ndi ngati ankaseka monga ankasekera kwawo. Killian analonjeza kuti adzafika mu Ogasiti.