Tsiku Limene Phungu wa ku Britain Anapopa Mjigo Wouma

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndikudikira kuti boma linditumize kukaphunzitsa. Miyezi inkangopita, ine ndikuzungulira m'Katete ngati nkhuku yosowa poikira. Abusa athu ndiwo anandiuza kuti kukubwera mayi wina, phungu wa Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, ndipo akufuna womasulira wa masiku anayi.

Komiti yawo inawatuma kudzaona ngati mijigo imene dziko lawo linathandiza kukumba ikutulutsabe madzi. Iwo ankafunsa, ine ndikumasulira, foni ikujambula mawu, yankho lililonse n'kulowa m'kope. "Chimene sichinalowe m'kope muno sindingakachinene m'Nyumba," anandiuza. "Uzindiuza zimene anena basi, osawonjezera."

Tsiku lachitatu tinafika pamudzi wina ku Vubwi. Amayi a pamudzipo anatilandira ndi madzi oyera m'ndowa zatsopano. Aphunguwo atafunsa za mjigo, a Mayi Banda, mtsogoleri wa chigwirizano cha amayi, anagwada n'kunena kuti, "Tikuthokoza kwambiri, madzi tikumwa." Ndinamasulira, aphungu n'kuchonga m'kope.

Koma ine ndinali nditauona mjigowo potsika galimoto. Pansi pake panali pouma gwa, mbuzi zitagonapo. Ndinawakokera pambali a Mayi Banda.

"Amayi, madziwa mwatunga kuti?"

"Kudambo, tasefa ndi chitenje. Mjigo unafa chaka chatha, ana akungotsegula m'mimba. Koma mwanawe, munthu wakupatsa mphatso, ungamuuze kuti mphatso yake inafa?"

Kope linali litatsekedwa, dalaivala akuliza kale injini. Kuwonjezera mawu anandiletsa, komanso kuchoka chonchi kukanatanthauza kuti mudziwo walembedwa kuti uli ndi madzi. Ndinangopempha aphunguwo kuti akapope okha ndiwajambule chithunzi.

Anapopa mpaka thukuta, chitsulo chikungolira, osatuluka ndi dontho lomwe. Amayi onse anaweramitsa mitu, ndipo manyazi awo anandigwira inenso. Aphungu anafufuta pamene anachonga paja, n'kukhala pamwala, kuyambiranso mafunso.

Potsanzikana a Mayi Banda sanandipatse dzanja. "Wativula pamaso pa mlendo," anatero. Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe, ngakhale ndinadzamva kuti mjigowo anaukonza.

Lero ndimaphunzitsa ku Sinda. Mwana akandiuza mwaulemu kuti, "Ndamva, aphunzitsi," sinditsutsana naye. Ndimangomupatsa choko kuti apite pabolodi.