Botolo la mapiritsi a achimwene Yohane

Achimwene Yohane, lero ndikusesa kuseri kwa kabati ndapeza botolo lanu la mapiritsi a khunyu, likadali lodzaza. Papita zaka zitatu, koma ndangokhala pansi n'kumaliyang'ana. Ndakumbukira masana aja munabwera kuchokera kumsasa wa mneneri uja wa ku Makanjira, mutavala zoyera, opanda nsapato. Kutchalitchi kwathu anthu ankakusiyirani benchi yonse, poopa kuti mungawapatsire matenda. Munandipatsa botololi n'kunena kuti, "Achemwali, sungani, ine sindidzamwanso. Bambo aja adya nane mbale imodzi, ndipo amwera chikho changa osatsuka." Ndinafuna kukukalipirani, koma nkhope yanu inandiletsa. Chibadwire sindinaonepo nkhope ya munthu ikuwala chotero. Inu amene munkayenda chowerama, tsiku limenelo munandiyang'ana m'maso mukumwetulira, mpaka ndinachita mantha ngati ndaponda malo opatulika. Botolo ndinalilandira ndi manja awiri.

Patangotha milungu iwiri, a kumsasa aja anakutumani nokha pabwato kukavuula ukonde, ati munthu wochiritsidwa saopa madzi. Matenda anakugwirani pakati pa nyanja. Mneneri uja anasamuka, ndipo pamene panali msasa wake pamera tchire. Usani mumtendere, achimwene. Ine mpaka pano ndimazizwa kuti mbale imodzi yokha inatha kukutengani m'manja mwathu. Kunyumba kuno mbale zinalipo zambiri, koma yanu tinkaiika payokha.