Njinga ya Ofesi pa Vaisi

Ndinkakonza njinga pansi pa mtengo wa mbawa, kufupi ndi Ginnery Corner. Njinga ndinkaipachika pa nthambi ndi zingwe ziwiri, china pachishalo, china pamahandulo. Ukamenya ndi hamala inkalendewera, kupita uko n'kubwerera. Palibe chinkawonongeka.

Tsiku lina anabwera anthu ndi nkhwangwa. Anati pamsewupo pazidutsa akuluakulu, pakhale poyera. Masiku amenewo sunkafunsa. Ndinatola masipanala anga, mtengo unagwa.

Mnzanga wowotcherera zitsulo anandipangira choimikira: paipi yaitali pa limu la galimoto, pamwamba pake vaisi yakale yogwirira njinga. Anandiuza kuti ndizikulunga kaye mpira pamene vaisi ilume. Ndinamva, koma manja anga anali atazolowera chingwe.

Loweruka lina masana anafika bambo wina wa ku Nsanje, mesenjala wa ofesi ina m'tauni. Ankakhala ku Nkolokosa. Ndinkamudziwa, ankapopetsa kwa ine. Njinga inali ya ofesi, yatsopano, dzina la kampani pachikwangwani pansi pa felemu. Sankaloledwa kupita nayo kunyumba. Anaitenga mozemba kukanyamulira mkazi wake kuchipatala, ndiye pedulo inayamba kugwedera.

“Amisiri, ikhale bwino lero lomwe. Lolemba bwana akaiona chonchi, ine basi, ndikalime thonje kwathu.”

“Ndi kotapini chabe. Khalani apo.”

Kotapini ndi kachitsulo kogwira mwendo wa pedulo. Ntchito yaing'ono. Ndinakweza njinga, ndinamanga vaisi pa paipi ya felemu. Mpira sindinaike. Kotapiniyo inakana kutuluka. Ndinamenya, njinga inaterereka. Ndinamangitsa vaisi. Ndinamenyanso, ndinamangitsanso.

“Musaiphe, achimwene, si mbuzi,” anatero akuseka.

Kachitatu kotapini ija inatuluka. Ndinaika ina. Nditamasula vaisi, paipi inali itaphwatalala mbali zonse ziwiri, penti itasupuka, mano a vaisi akuoneka ngati yalumidwa ndi galu.

Bambo uja anaimirira. Anapitisapo chala.

“Izi zibwerera?”

Paipi ya felemu ndi yotsekeka uku ndi uku, mulibe polowetsa kanthu koti ukankhire kunja. Ndinaipanabe mbali inayo kuti mwina ingatukuke. Inangoonjezera. Ndinathamanga nayo kwa wowotcherera uja. Anayang'ana, anapukusa mutu.

“Ndikaikapo moto penti yonse ipsa. Mpira uja unali kuti?”

Unali m'thumba langa la ovolosi.

Tinapakapo penti yakuda. Inkaoneka kuposa poyamba. Ndinauza bambo uja kuti Lolemba ndipita naye ku ofesi, ndikanene kuti wolakwa ndine.

“Mukanena kuti inafika bwanji kwa inu Loweruka?”

Bambo uja anatenga njingayo. Anaikankha ndi manja kulowera ku Nkolokosa, osakwera, ngakhale pedulo inali italimba bwinobwino.

Lolemba sanadutse. Lachiwiri chimodzimodzi. Nyumba yake sindinkaidziwa, ndipo ku ofesiko ndinaopa kukafunsa, kuti ndingamuonjezere mlandu.

Patapita milungu itatu njinga ija inaima pamalo panga kudzapopetsa. Chikwangwani chomwecho, chigamba changa cha penti pomwepo. Wokwera anali wina, atavala yunifomu ya kaki yomuthina m'mapewa.

“Uja wa ku Nsanje ali kuti?”

“Sindikumudziwa, bambo. Ine ndangoyamba kumene.”

Ndinagwira njingayo ndi dzanja, n'kupopa.