Gawo lachiwiri ndinalionera ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene chimanga chathu chinapserera chisanamasule. Mkazi wanga Esinati anali ndi khanda kumsana, ndipo ntchito yanga yokonza njinga pa Lisungwi sinkatidyetsanso. Sanandikanize. Anangoti, "Pitani, bambo a Chisomo, koma mukafika mutiuze zoona, zabwino ndi zoipa zomwe."

Ine ndi Esinati tinadziwanirana mu vidiyo sho ya a Kaliwo, kuseri kwa msika. Tinkakonda filimu ina ya anthu a kudziko lakutali mumlengalenga, amene nthaka yawo itaguga anabwera ndi zombo zouluka kudzakokolola yathu. Alimi tinkaimva bwino nkhani imeneyo. Kumapeto mkulu wa asilikali anadzipereka kufa kuti anzake apulumuke, ndipo Esinati analira mpaka kunyowetsa mpango.

Ku Joni ndinayamba ndi maganyu, kenako ndinapeza ntchito yosesa m'holo yoonetsera mafilimu. Tinkagona anthu angapo chipinda chimodzi. Malipiro ankathera lendi ndi thiransipoti, zotsala n'kutumiza kumudzi. Tikaimbirana foni tinkangokamba za feteleza, sopo ndi chifuwa cha mwana, kenako zii. Ndinkaopa kuti ndikadzabwerera tidzasowa chokambirana. Lamulungu ndinkakhala pakhomo n'kumayang'ana magalimoto, wondipatsa moni kulibe.

Ndiye kunabwera gawo lachiwiri la filimu yathu ija. Abwana ankatilola kuimirira kumbuyo podikira kusesa, choncho ndinalionera mpaka kuliloweza.

Sindinama, ndalama zimene anathirapo zinkaoneka. Chombo chinkatuluka m'mitambo chachikulu ngati phiri, mkokomo wake n'kumandigunda pachifuwa. Fumbi likadzuka ndinkaphethira ngati lindilowa m'maso. Ulendo woyamba ndinaiwala kuti ndagwira tsache.

Koma nkhani yake inali ya mabowo. Mkulu wa asilikali amene tinamulira uja anangotulukira wamoyo, popanda wotiuza kuti zatheka bwanji. Mayi wasayansi amene gawo loyamba ankaganizira gulu lonse, tsopano ntchito yake inali kuthamanga ndi kukuwa. Nkhondo inkatalika mpaka kutopetsa, nyumba zikugwa mzinda wonse, koma palibe ankafunsa za anthu okhala m'nyumbazo. Za nthaka ija anaziiwaliratu. Ndipo sinathe n'komwe, anangoidula kuti tidzalipirenso gawo lachitatu.

Oonera ankatuluka duu, aliyense maso pa foni yake. Ine zinkandiyabwa pakamwa, ndiye ndinayamba kumujambulira Esinati mauthenga a mawu, kumufotokozera pang'onopang'ono, ndikumatsanzira ndi kulira kwa zombo komwe. Nditamuuza za kudzuka kwa mkulu uja anayankha akuseka, "Eti wadzuka? Ndiye andibwezere misozi yanga." Tsiku lina anafunsa, "Kodi mayi uja nzeru anazisiya kuti?" Tinkatsutsana, kuseka, nkhani n'kulowera kwa anansi, kwa mbuzi yathu yakuba, kwa mawu atsopano a Chisomo. Foni inasiya kundilemera.

Ndinabwerako patatha zaka zingapo, nditagula zipangizo zokonzera njinga zamoto. Nditatsika minibasi pa Lisungwi, Chisomo anabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake, koma pofika kunyumba anali atandilanda kale chipewa.

Loweruka masana Esinati anati tipite kwa a Kaliwo. Ndinadabwa kupeza kuti akuonetsa gawo lachitatu, limene ine ndinalisiya lisanatuluke. Kanema wake anali wamng'ono, mabenchi omwe aja, koma filimuyo inali yoikidwa mawu a Chichewa, ndipo womasulirayo ankatseka mabowo onse ndi pakamwa pake. Mkulu wa asilikali atangoonekera anati, "Awa ndi aja anafika kumwamba opanda pasipoti, n'kuwabweza ngati anzathu a ku Joni." Anthu anagwa nako kuseka, ena akundiloza ine. Nkhondo itatalika, namwino wina wa pachipatala anati, "A Kaliwo, ithamangitseni, tione ngati mkuluyu ndi mayi wasayansiyu akwatirane." Bambo wina anakana, nati iye walipirira zombozo. Mkangano unakoma kuposa filimu.

Potuluka ndinawauza a Kaliwo kuti anaphonya gawo lachiwiri pa kanema wamkulu.

"Kukula kokhako ndiye tinaphonya," anatero. "Linafika kuno msanga. Mayi a Chisomowa analionera kangapo, ndipo ndi amene ankatsogolera kulinyoza."

Ndinamuyang'ana Esinati. Anali akukonza chitenje, akudziletsa kuseka.

"Ndiye munkandisiya ndikulira ngati chombo pa foni, inu mukudziwa kale zonse?"

"Mukamakamba za feteleza munkamveka ngati mlendo," anatero. "Mukamakalipira filimu munkamveka inuyo."

Ine ndinkaganiza kuti kumudzi kwaima, kukudikira kuti ndidzawauze za dziko. Koma anthu anali ataona zonse, n'kuziweruza bwino kundiposa, ndipo ankachitira limodzi. Tinatsika ndi msewu wa kumsika, Chisomo ali paphewa panga, ine ndi mayi ake tikukangana ngati mayi wasayansi uja nzeru zinamubwerera kapena ayi.